Mzati Wachinayi

Laimoni anatuluka m'galaja mochedwa usiku umenewo, anzake onse atapita kalekale. Pa Zalewa malonda anali atatha. Azimayi a mananchesi anali atalongedza madengu awo, akabaza atabalalika, ndipo m'mbali mwa msewu munangotsala mathiraki opita ku Mwanza, madalaivala ake akuliza mkonono m'katimo. Mlonda anali pageti, wailesi ili pakhutu, ndipo anangokweza dzanja osafunsa kanthu. Akanafunsa, Laimoni anali atakonzeratu yankho loti amatsuka masipanala. Bambo wa imvi zake kutsuka masipanala usiku, ngati kuti mawa sikucha.

Zoona zake n'zakuti ankadikira kuti atsale yekha ndi mizati.

Mizatiyo inali itangofika kumene kuchokera ku Blantyre. Anali majeki amagetsi anayi, aatali kuposa munthu, okhala ndi timatayala take moti munthu mmodzi amatha kukankha mzati umodzi ngati wilibala. Pansi pa mzati uliwonse pali mikono iwiri yachitsulo yokumbatira tayala. Ukaimika mzati pa tayala lililonse la basi kapena lole, n'kuilumikiza yonse ndi chingwe, umangodina batani ndipo galimoto yonse imanyamuka, munthu n'kumayenda pansi pake choimirira. Ikamakwera imalira kuti kha, kha, kha. Ameneyo ndi loko, dzino lachitsulo lomwe limagwira mzati kuti usabwerere pansi ngakhale mafuta atasiya kukankha.

Chinthu chabwino ndithu, ndipo Laimoni sankadana nacho. Ankadana ndi munthu amene anapatsidwa kiyi wake.

Laimoni anatsika kwawo ku Ligowe akadali ndi mano onse, nayamba kugona pa katoni pansi pa malole m'galaja ya a Gabriel. Msana wake unathera pamenepo. Oilo wotentha anamudonthera m'maso kosawerengeka. Koma nthawi yotumiza munthu ku Blantyre kuti akaphunzire za mizati itakwana, a Gabriel anamudumpha ngati chitsa n'kutenga Kumbukani, kamnyamata kamene Laimoni yemweyo anakaphunzitsa kusiyanitsa sipanala ndi pulaya. Kumbukani anabwerako ndi ovololo yatsopano, kiyi ali lendelende m'khosi, ndi malamulo osatha. Pansi pakhale simenti yolimba ndi yosapendekeka. Mikono igwire tayala mbali zonse ziwiri. Kwezani pang'ono kaye, muime, muzungulire galimoto yonse. Mukafika pamene mukufuna, ikhazikeni pa loko. Ikani masitandi, zitsulo zochirikiza galimoto pansi. Mukatero ndiye mulowe.

Masana a tsiku limenelo Laimoni anawerama kuti alowe pansi pa lole ya chimanga, monga ankachitira moyo wake wonse. Kumbukani anamugwira pamkono.

"Madala, dikirani kaye pang'ono, masitandi sanalowe," anatero, atapinda ndi bondo lomwe.

Ulemuwo ndi umene unamupweteka. Akanamukalipira bwenzi atabweza. Madalaivala amene ankadya chipisi pamthunzi anaseka, ndipo mmodzi ananena mokweza kuti tsabola wakale sawawa. Madalaivala omwewo kale ankafika pageti n'kufunsa kuti, "A Laimoni alipo?" Masiku ano ankafunsa za a injiniya, kunena Kumbukani. Ngakhale mkazi wake Yunike, munthu wosadziwa kutsogolo kwa galimoto n'kuti, anali atanenapo pa chakudya kuti mwana uja Mulungu wamuona.

Choncho atatsala yekha anapita pa basi ya amayi a mpingo wina, yomwe inkadikira kukonzedwa mabuleki. Kumbukani anali ataimika kale mizati yonse pa matayala, kuti m'mawa adzangodina batani abwana ndi abusa akuonerera. Laimoni anasankha mzati wachinayi, wakumbuyo kumanzere, kumene kuwala kwa babu sikufika bwino. Anakokera dzino la loko kumbuyo n'kulimanga ndi waya. Kenako anamasula pang'ono nati ya paipi ya mafuta, pang'ono chabe, kuti izingodontha.

Sankafuna kupha munthu, zimenezo tinene mwachilungamo. Ankafuna manyazi okha. M'maganizo mwake basi ikanakwera, ngodya imodzi n'kuyamba kufooka, makina n'kulira, Kumbukani thukuta kamukamu akudina mabatani onse. Ndiye a Gabriel akanatembenuka n'kuitana dzina limene anali ataliiwala, iye n'kubwera pang'onopang'ono ndi jeki yake yakale. Ankabwereza chithunzi chimenechi m'mutu akuyenda, ndipo chinkamukomera ngati nzimbe.

Anasiya msewu wa tala n'kulowa msewu wafumbi wolowera mbali ya Lisungwi, kumene ankachita lendi. Kunali kotentha ngakhale usiku. Mwezi unali wobisika m'mitambo yopanda mvula, ndipo milambe inangoima bii m'mbali mwa njira. Nsanje imayendetsa bwino munthu. Sanamve kutalika kwa njira, sanamve ndi njala yomwe. Ankangoganiza za ovololo yatsopano ija, yokhala ndi dzina pachifuwa, pamene yake inali ndi zigamba m'mawondo monse.

Anazindikira kuti wafika pa mlatho atamva simenti kuphazi. Unali mlatho waung'ono, wa kamtsinje kouma, wopanda ndi zitsulo zogwira m'mbali. Agalu a m'midzi amene ankauwa njira yonse anali atasiya. Nkhululu nazo zinali chete.

Gubudu.

Laimoni anaima. Kumayambiriro kwa mlathowo kunali munthu atanyonyomala, akutembenuza miyala. Amatola umodzi, kuusisita ndi chikhatho, n'kuutaya. Fungo la oilo wakale linamufika Laimoni m'mphuno, ndipo mtima wake unakhala pansi. Wakuba sanunkha oilo.

"Zikomo kumeneko," anatero Laimoni.

"Ndikufuna mwala wafulati," anayankha munthuyo osatembenuka. Mawu ake ankatuluka movutikira, ngati tayala likamaphwa. "Woika pansi pa jeki. Onsewa ndi obulungira."

"Galimoto yafera pati?"

"Pomwepa."

Laimoni anayang'ana uku ndi uku. Panalibe galimoto. Anaganiza kuti mwina ili kuseri kwa khona, kapena mwina munthuyo walawako kachasu, zomwe sizachilendo kwa amakaniko a m'misewu. Mlendoyo anadzuka pang'onopang'ono. Anavala ovololo ya khaki, ya mtundu umene anasiya kusoka kalekale. Anayamba kuyenda pambali pa Laimoni ngati anapangana.

Munthu amene wasunga mkwiyo tsiku lonse sasankha womuuza. Laimoni ataona kuti wapeza makaniko mnzake wakale, wa jeki ndi mwala, anamasula thumba lonse. Ananena za mizati, za kiyi, za madalaivala aja ndi chipisi chawo. Ananena kuti dziko lapita, kuti masiku ano munthu amatchedwa mmisiri chifukwa chodziwa kudina batani. Za waya zokha sanatchule.

"Mnyamatayo ndani?" anafunsa mlendo.

"Kumbukani. Ka Kumbukani."

Mpweya wa mlendoyo unkamveka, fyii... fyii...

"Wakula?"

"Kukula kwake kuti? Ndi mwana wa dzulodzuloli."

"Ndi wamtali? Ndevu wamera?"

"Timatsitsi tiwiri titatu pachibwano."

"Amadya bwino? Ali ndi nsapato?"

Apa Laimoni anapsa mtima. Taonani, ngakhale pa mlatho, mumdima, kwa munthu wosamudziwa, nkhani inali ya Kumbukani yemweyo. Iye anali atafotokoza zowawa zake zonse, msana wake, zaka zake, ndipo palibe chimene chinafunsidwa za iye. Anafuna kunena kuti ngati mumukonda choncho pitani mukamubereke kumbuyo.

Mlendo anayamba ndiye.

"Mafuta sanyamula galimoto, achimwene. Amangokunamiza. Chimanyamula n'chitsulo."

"Zimenezo ndikuzidziwa."

"Inu mukuti itsika pang'onopang'ono. Sitsika pang'onopang'ono. Imapendekeka kaye, ngati ikukupatsa moni. Kenako tayala limachoka. Phokoso sulimva. Amalimva ndi amene aima kunja."

Laimoni sanakumbuke kuti ananenapo za kutsika.

"Waya uja mwamuzunguliza kawiri," anapitiriza mlendoyo mofatsa. "Mwamanga bwino. Dzanja la mmisiri."

Laimoni anayesa kufulumira. Anayang'ana pansi. Simenti. Anali akadali pa mlatho. Kamlatho kamene mwana amakawoloka asanamalize kuyasamula, iwo anali akuyendapo nthawi yonseyi... ndipo tsidya linali lisanafike.

Anapisa dzanja m'thumba. Foni. Anadina molakwika. Anadinanso. Tochi inayaka.

Anayamba kuunika pansi. Mapazi a mlendo anali opanda nsapato, ndiponso opanda fumbi. Anakweza pang'ono. Mawondo. Lamba. Anakwezanso...

Mayo!

Chifuwa panalibe. Ovololo inali italowa m'kati mpaka kukhudza msana, ndipo mzere wakuda wa girisi unadutsa chopingasa pamene chitsulo chinakhala. Pamwamba pake panali nkhope ya munthu wamba, wocheperapo msinkhu kwa Laimoni, wa mpata kumano. Maso ake sanaphethire ndi kuwala.

"Mukawauze a Gabriel kuti Benedict mwala sanaupezebe," inatero nkhopeyo. "Koma thamangani. Mwana walowa kale."

"Ndi... ndi mawa," Laimoni anamva pakamwa pake pakuyankha pokha. "Basi ija ndi mawa."

"Magetsi ayaka."

Laimoni anacheuka. Kutali, kumene anachokera, pakati pa timagetsi ta pa Zalewa, babu lalikulu la m'galaja linali ngwee. Analizimitsa yekha potuluka.

Atatembenukanso, tochi inaunika simenti yokha. Pansi pa mlatho panamveka mwala ukugubuduzika.

Anathamanga.

Sanathamangepo chotero chichokereni ku pulayimale. Nsapato imodzi inatsala m'fumbi. Anagwa, nadzuka. Foni anali nayo m'manja, koma nzeru yoimba inabwera atathamanga kale mtunda, ndipo ataimba ya Kumbukani inangolira osayankhidwa. Ankadziwa chifukwa chake. Mwa malamulo aja munalinso lakuti pa mizati sayankhirapo foni. Anatukwana lamulolo, anatukwana mwini lamulo, kenako anayamba kupemphera. Chifuwa chinkamuotcha. Sankaona mtengo, sankaona galu. Ankangoona babu lija, ndipo silinkayandikira.

Tala. Mathiraki. Geti linali lotsekula.

Galimoto ya a Gabriel inali pabwalo. Iwo anaima chapatali, manja m'thumba, akuyasamula. Abusa anali atawaimbira kuti ku Neno boma kwagwa maliro ndipo amayi anyamuka kusanache, choncho anakamudzutsa Kumbukani kuti amalize mabuleki usiku womwewo. Jenereta inkalira, moti kulira kwa maloko palibe akanakumva kuti kwaperewera.

Basi inali m'mwamba. Pansi pa mzati wachinayi panali chithaphwi chonyezimira. Ndipo pansi pa basi, kumbuyo kwenikweni, panali Kumbukani atawerama, akukankhira sitandi pamalo pake.

Ngodya ya kumanzere inali itayamba kupereka moni uja.

Laimoni sanakuwe, mpweya wokuwira analibe. Analowa chowerama, n'kugwira kolala ya ovololo yatsopano ija, imene ankailota usiku, n'kukoka ndi mphamvu zonse zimene zinatsala. Nsalu inang'ambika. Anagwira lamba. Onse awiri anagwera kunja, pa simenti, mmodzi pamwamba pa mnzake.

Phwaa!

Tayala linachoka m'mikono ya mzati. Ngodya ya basi inamenya pansi, magalasi n'kumwazika bwalo lonse. Mzati wachinayi unayendayenda n'kutsamira khoma. Sitandi ija, imene inali isanafike pamalo pake, inagona chopindika pamene panali Kumbukani.

Mlonda anazimitsa jenereta. Panakhala bata loti munthu n'kumva oilo akudontha.

A Gabriel anafika pa Kumbukani n'kumugwiragwira mutu, mapewa, miyendo. Ataona kuti ndi wamphumphu anatenga tochi ya mlonda n'kupita pa mzati uja. Sanachedweko. Anabwera ndi waya m'manja, n'kuima pamaso pa Laimoni, amene anali akadali pansi, phazi limodzi likutuluka magazi. Anthu amene agwira ntchito limodzi nthawi yaitali amadziwana ndi kamangidwe ka waya komwe. Laimoni sanayese n'kukana.

"Za ichi tikamba kukacha," anatero a Gabriel, ndipo Laimoni anadziwa kuti m'galaja imeneyo sadzagwiranso sipanala. "Koma ndikufuna ndidziwe chimodzi. Inu munapita kunyumba. Palibe anakuuzani kuti tabwera. Chakubwezani n'chiyani?"

Laimoni anafotokoza, mawu akuduka. Ananena za mlatho, za munthu wofuna mwala wafulati, za ovololo ya khaki. Za chifuwa analephera, anangoloza pake. Kenako anapereka uthenga monga anaulandirira, kuti Benedict mwala sanaupezebe.

Tochi inagwa m'manja mwa a Gabriel. Bambo wamkulu uja anakhala pansi pomwepo, pa simenti ya oilo, ndi thalauza lake labwino.

"Dzina limenelo mwalimva kuti?" anafunsa chapansipansi. "Inu munali musanatsike ku Ligowe. Galaja ino kunalibe. Ine ndinali dalaivala wa lole ya makala, ndipo inathyoka sipuling'i pa mlatho umenewo. Benedict ndiye anali makaniko wa kuno. Anati tidikire apeze mwala wabwino woika pansi pa jeki. Mdima unali kugwa, mvula ikubwera. Tinaika umene unalipo." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Tinamuika m'manda kwawo ku Lisungwi. Anasiya mkazi ndi mwana woyamwa."

Sanaloze munthu, koma Laimoni anatembenuka yekha n'kuyang'ana Kumbukani.

"Mumayesa mizatiyi ndinagulira chiyani?" anapitiriza a Gabriel. "Mumayesa kiyi ndinampatsa iyeyu chifukwa amakuposani? Ndinkafuna mwana wa Benedict asadzagone pansi pa galimoto yoimira jeki imodzi. Basi."

Laimoni anafuna nthaka itang'ambika. Kiyi uja, amene anamusowetsa tulo, anali chipepeso cha maliro. Anadikira kuti Kumbukani amulumphire, amumenye ndi sipanala, amulavulire. Zikanamupepukira.

Kumbukani sanayang'ane n'komwe waya uja. Anakwawa pa magalasi osweka mpaka kufika pamene panali Laimoni, ovololo ili pululu kumsana, n'kukhala moyang'anizana naye.

"Madala, munawaona nkhope?"

"Ndinawaona."

"Amaoneka bwanji?"

"Ngati iwe. Mpata kumano ngati wakowo."

Mnyamatayo anagwira pakamwa pake ndi chala. "Anati chiyani za ine?"

"Anafunsa ngati wakula. Ngati umadya bwino. Ngati uli ndi nsapato."

"Inu munayankha kuti chiyani?"

Laimoni anawerama.

Kumbukani atayambanso kulankhula, mawu ake anali asintha, ndipo ulemu uja munalibe. Laimoni anakweza maso n'kuona pankhope ya mnyamatayo chinthu chimene ankachidziwa bwino kwambiri, chimene chinkamudya iye mwini chifikireni mizati.

"Ine pa mlatho uja ndimapitapo dala," anatero Kumbukani. "Ndinayamba ndili mwana, mayi atandilozera malo ake. Ndakhalapo masana, ndakhalapo usiku, ndaitanapo dzina lawo. Kunyumba kulibe ndi chithunzi chomwe. Ngakhale kumaloto sanabwerepo. Ndiye lero ayenda ndi inu, acheza ndi inu, mwamva mawu awo." Analoza basi ija. "Inu amene mumafuna kundiphera pansi pa basi. N'chifukwa chiyani inu?"